Ba Prof Sankandikalipira

Chaka chimene ndinalowa m'pulogalamu ya alangizi ndinkaphunzitsa pa yunivesite ina ku Kitwe, koma ntchito yake inali ya kaganyu. Ankandilemba chaka chimodzi, chikatha ndinkakhala pakhomo ku Nkwazi n'kumayang'ana foni ngati andiitananso. Digiri yachiwiri ndinali nayo, koma pa yunivesite digiri yachiwiri ili ngati njinga pamsewu wa Ndola ndi Kitwe: ukupalasa ndithu, koma aliyense akukupitirira. Pulogalamuyo anaikonzera ife ofufuza ongoyamba kumene. Mphunzitsi wamkulu aliyense ankapatsidwa anthu awiri oti aziwalangiza kwa chaka, aziwerenga zolemba zawo ndi kuwaonetsa mmene kafukufuku amayendera. Pakutha pa chaka mlangizi wathu ankayenera kutenga mmodzi wa ife kuti alowe m'kafukufuku wake wamkulu n'kuyamba digiri ya udokotala. Malo anali amodzi, ife tinali awiri, ndipo ine ndinkawafuna malowo kuposa china chilichonse.

Mlangizi wathu tinkangowatchula kuti Ba Prof. Anali mayi wamtali, Mbemba wa ku Kasama, katswiri wa za madzi ndi dothi, ndipo akamadutsa pakhonde ngakhale aphunzitsi aimvi ankatsitsa mawu. Mnzanga amene tinapatsidwa naye limodzi anali mtsikana wa ku Itawa, wofatsa, wovala magalasi, mwana wa bambo wogwira ntchito ya mu ofesi. Tonse tinkakhala ku Ndola, choncho tinkakwera basi imodzi m'mawa ndi madzulo.

Tsiku loyamba Ba Prof anatikhazika pansi mu ofesi yawo n'kufunsa kwathu. Mnzanga anati atate ake ndi a ku Mwinilunga, amai ake anabadwira ku Luanshya, koma iye mudzi wake ndi tauni basi. Ba Prof anangogwedeza mutu. Ine ndinati ndinakulira ku Nkwazi, koma malemu atate anachokera ku Katete kudzagwira ntchito mu mgodi. Ba Prof anaponya cholembera pa tebulo.

"Awe sure! Pa bantu bonse aba, ine banipatsa wakudya mbeba?"

Pakamwa panga panayankha mutu usanaganize. "Ba Prof, muyamike Mulungu kuti mu lab mulibe bakolwe, sembe munabasiliza kudala."

Mnzanga anatuwa ndi mantha. Ba Prof anaseka mpaka kuvula magalasi, ine n'kuseka nawo. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya. Makolo athu ankamenyana kalekale, nkhondo itatha chimene chinatsala ndi chipongwe. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, amene kwawo amati bakolwe, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya. Mbuya akhoza kukunyoza pamaso pa apongozi ako, iwe n'kumangoseka. Pamaliro a kwanu ndi iye amene amaphika, kutsuka mbale ndi kuseketsa ofedwa. Ndinakula ndikuziona zimenezi kutchalitchi ndi kumsika, koma sindinaganizepo kuti ndingazipeze mu ofesi ya pulofesa.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amai. Anali akuchokera ku msonkhano wa azimayi a kutchalitchi, chitenje cha bungwe lawo chidakali m'chiuno, ndipo anavina pang'ono pakhomo.

"Basi mwanawanga, malo aja ni yako. Mbuya sataya mbuya mnzake."

Anandimangira nsawawa zimene abale anatumiza kuchokera ku Katete kuti ndikapereke kwa Ba Prof, n'kuti ndikawauze kuti alaweko chakudya cha anthu. Ndinakapereka, uthenga ndinaunena wonse, ndipo dipatimenti yonse inamva kuseka kwathu.

Miyezi yoyambirira ndinkayenda ngati yunivesite ndi ya atate anga. Ndinkalowa mu ofesi ya Ba Prof osagogoda. Aphunzitsi amene ankaopa ngakhale kuwapatsa moni ankandiyang'ana modabwa. Koma mnzanga uja ankaona zakuda. Iye ankafufuza za madzi a m'zitsime zosaya zimene anthu amakumba kuseri kwa nyumba, ndipo chilichonse chimene ankalemba chinkabwerera chitafiira ndi inki. Ba Prof ankamufunsa chifukwa chimene wasankhira chitsime ichi osati icho, ankamubweza kuti akatungenso madzi, ankafufuta ndime yonse n'kulemba m'mbali kuti ayambirenso. M'basi yobwerera ku Ndola mnzanga ankalira chamumtima, nkhope ataitembenuzira kuwindo.

"Iwe bamakukonda," anandiuza tsiku lina. "Ine bakaniona chabe, nkhope isintha."

Ndinamusisita pamsana, ndinamugulira chimanga chootcha titatsika, koma mumtima munali mukuimba nyimbo. Sindibisa, ndinkasangalala.

Ine ndinkafufuza za ndiwo zamasamba zimene azimayi amalima m'mbali mwa madzi ku Ipusukilo, komboni ya ku Kitwe, n'kumagulitsa m'misika. Ndinkafuna kuona ngati m'masambamo mumalowa zitsulo za m'dothi. Ntchito ya kumunda ndinkaikonda kwambiri. Azimayi aja anandizolowera, ankanditchula kuti mwana wa masamba, ndipo ndinkabwerako nditanyamula timapepala todzaza repu, chibwabwa ndi kalembula. Firiji ya mu labu inadzaza ndi katundu wanga. Ba Prof akatsegula ankagwira m'chiuno.

"Iwe mbeba, uzaleka liti kututa? Wazaza fridge yonse monga ni mugodi wako. Nanga funso yako ili kuti?"

"Funso muzanibela kwinangu, Ba Prof. Si ndimwe Babemba muziba kutenga vintu va bene?"

Onse a mu labu ankafa ndi phwete, Ba Prof ankandiloza chala akuseka, n'kutseka firiji. Zinkachitika chonchi pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ine ndinkakonzeratu yankho latsopano ndili m'basi.

Nsanje inandilowa masana ena nyengo yozizira. Ndinapita ku ofesi ya Ba Prof ndili ndi nthabwala yanga kale pakamwa, koma ndinapeza chitseko chili chotsekedwa pang'ono, mnzanga ali mkati. Ndinaima pakhonde kudikira. Ba Prof ankalankhula motsitsa, ndi mawu amene ine ndinali ndisanawamvepo. Zitsime za mnzanga ankazidziwa chimodzichimodzi, cha pafupi ndi chimbudzi, cha kumunsi kwa msewu, chimene chimauma mvula ikatha. Kenako anamufunsa kuti, ngati zotsatira zitabwera zosiyana ndi zimene akuyembekeza, adzanena chiyani? Mnzanga anakhala chete nthawi yaitali. Ba Prof sanamufulumize, sanaseke, anangodikira. Mnzanga atayankha, Ba Prof anati, "Ayi, ganizanso," n'kudikiranso.

Ndinachoka pakhondepo nthabwala yanga ili m'kamwa. Ine palibe tsiku limene Ba Prof anandidikirapo kuti ndiganize. Tikakumana mawu ankangothamanga, uyu waponya, uyu wabweza, ngati ana osewera mpira wa manja. Ndinazindikira kuti ubwenzi wanga ndi Ba Prof unali chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kuyambira tsiku limenelo misozi ya mnzanga inayamba kundinyansa. Akatulutsa pepala lake lofiira m'basi n'kumadandaula, ine ndinkaliyang'ana ngati mmene wanjala amayang'anira mbale ya mnzake. Ndinkawerenga mobera zimene Ba Prof amulembera m'mbali, ndipo mawu aliwonse ankandibaya. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ine ndinali ndani, amene khutu langa silinakhudzidwepo? Ndinayamba kumuona zolakwa paliponse. Kufatsa kwake ndinkati ndi kuchenjera. Magalasi ake ankandikwiyitsa, kayendedwe kake kankandikwiyitsa, ngakhale mmene ankanenera kuti "Thank you, Ba Prof" akamaliza kukalipiridwa. Ndinayamba kuchedwa dala kuti ndikwere basi ina. Tsiku lina anandipeza pa siteshoni n'kuyamba kudandaula kuti amubwezanso kukatunga madzi, ine ndinamudula.

"Manje ufuna nikulilile? Ulila chani, iwe wamene bakudyetsa na supuni?"

Anandiyang'ana ngati ndamumenya mbama. Sanamvetse, ndipo ine sindinafotokoze. Munthu ungayambire pati kufotokoza kuti ukuchitira mnzako nsanje chifukwa akukalipiridwa?

Ndinaganiza zoti ndiwakakamize Ba Prof kundiona ngati wofufuza. Ndinalemba lipoti lalitali, matebulo ambirimbiri, munda uliwonse ndi masamba ake, mwezi uliwonse ndi zotsatira zake. Ndinakalisiya pa tebulo lawo popanda nthabwala, ndipo ngakhale pachitseko ndinagogoda. Linabwerera patapita masiku angapo lili loyera mbee, kupatula patsamba loyamba. Pamenepo Ba Prof anajambulapo kambewa kanyamula thumba lalikulu pamsana, pansi pake n'kulemba kuti, "Mbuya, funso lili kuti?" Maso anga anangoona kambewako. Ndinakaseka nawo mu ofesi monga mwa masiku onse, ndinawauza kuti Abemba sadziwa ngakhale kujambula nyama imene sadya, kenako ndinakadzitsekera m'chimbudzi n'kutukwana pagalasi. Ndinkati sanaliwerenge n'komwe lipoti langa. Ndinalibweza m'chikwama n'kupita ku Ipusukilo kukatenga masamba ena, poganiza kuti mwina zikachuluka kwambiri adzasiya kuseka.

Chaka chikupita kumapeto, mchimwene wawo wa Ba Prof anamwalira ku Ndola. Ife a kum'mawa a mu dipatimenti sitinachite kuuzidwa. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinali kale kuseri kwa nyumba, chitenje m'chiuno, ndikudula kabichi pamodzi ndi azimayi ena a kwathu. Amai anabwera nawo, ati sangaphonye maliro a ambuya. Titabwera kumanda tinatenga paudala n'kuyamba kupaka ofedwa kumaso monga mwa mwambo. Ba Prof anali atakhala pamphasa, maso otupa, opanda magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona kuti ndi munthu wokalamba. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinawathira paudala pamphumi ndi m'masaya, n'kunena mokweza kuti onse amve.

"Lekani kulila, Ba Prof. Bakalamba banu bathaba chabe njala, bamvela kuti bakolwe basila ku Kasama. Bayenda kufuna kwinangu."

Azimayi a pamphasa anaseka akupukuta misozi. Ba Prof anaseka nawo, kenako anandigwira dzanja mwamphamvu n'kulisunga pachifuwa pawo. Pamenepo ndinawakonda ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinakhulupirira kuti amai ananena zoona.

Masana anthu atadya, ndinkatolera mbale m'beseni. Ndikuzungulira kumbali kwa tenti ndinawaona Ba Prof atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, mnzanga atakhala pambali pawo. Iye anali atangofika kumene, atavala diresi lakuda la mu ofesi, manja ake oyera osagwira ngakhale mpeni. Ndinayandikira pang'ono. Ba Prof, nkhope idakali mbuu ndi paudala wanga, ankamufunsa ngati madzi a chitsime cha kumunsi aja anawayezanso mvula itayamba, ndipo ngati sanatero asayerekeze kulemba chilichonse. Munthu wangoika kumene m'bale wake m'manda, koma m'mutu mwake munali malo a zitsime za mtsikana uja. Ine ndinaima pamenepo ndi beseni la mbale zamafuta, zala zikununkha anyezi, ndipo ndikanakhala wopanda manyazi ndikanaliponya pansi. Nsanje ya tsiku limenelo inandiwawa mpaka m'mano.

Patapita masabata ochepa tinakaonetsa ntchito yathu pamaso pa aphunzitsi akuluakulu a pulogalamu. Mnzanga anali ndi zithunzi zochepa. Ananena chimene ankafuna kudziwa, mmene anachifufuzira, chimene anapeza ndi chimene sanathe kupeza. Anamupanikiza ndi mafunso, koma onse anali atawamvapo kale mu ofesi muja, ndipo ankayankha mosathamanga. Ine ndinabwera ndi matebulo anga onse. Ndinalankhula bwino, anthu anaseka pamene ndinkafuna kuti aseke. Nditamaliza, bambo wina wachikulire wochokera ku yunivesite ina anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu kuti, masamba onsewa ndawayeza ndithu, koma funso limene ndikufuna kuyankha ndi liti? Ndinatsegula pakamwa. Yankho limene linabwera linali la nthabwala, ndipo bamboyo sanali mbuya wanga. Ndinalimeza, ndipo kumbuyo kwake kunalibe lina. Ndinayang'ana Ba Prof, iwo anali atayang'ana pansi.

Malo aja anapatsidwa kwa mnzanga. Anabwera kudzandikumbatira, ine ndinaumitsa thupi ngati mtengo. Amai atamva anati mwina Mbembayo si Mbemba weniweni.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ya Ba Prof. Ndinagogoda, ndinalowa, ndinakhala pampando umene mnzanga ankakhalapo.

"Mbuya wanga, bwela," anatero. "Wabwela kunipaka futi powder?"

"Ba Prof, chaka chonse simunanikalipileko olo kamozi."

Anayamba kuseka, akudikira kuti ndimalize nthabwalayo. Ataona nkhope yanga kuseka kunazima.

"Uja mwenze kumubweza, mwenze kumufunsa, mwenze kumulilitsa. Ine mwenze chabe kuseka na ine. Nenze kufuna munichite monga mwamene mwenze kumuchitila uja."

Ba Prof anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. "Ninakufunsa kangati kuti funso yako ili kuti? Pa fridge paja. Na pa report yako ninalemba."

"Munalemba pansi pa mbeba."

"Iwe unaseka."

"Na imwe munaseka, Ba Prof. Nenze kuzaziba bwanji kuti apa ni mbuya, apa ni professor?"

Anakhala chete nthawi yaitali, ndipo ndinazindikira kuti aka kanali koyamba kuti ine ndi iwo tikhale chete m'chipinda chimodzi. Kenako analankhula ndi mawu otsitsa aja amene ndinawasirira chaka chonse. Anati lipoti langa analiwerenga lonse, kawiri. Anati manja anga ndi abwino mu labu kuposa a mnzanga, ndipo azimayi a ku Ipusukilo anandiuza zinthu zimene sakanauza munthu wina. Anati nthawi zambiri ankafuna kundikhazika pansi n'kundiuza mosapita m'mbali kuti ndikungounjika zinthu popanda cholinga, koma ndikangolowa ndi chipongwe changa lilime lawo linkatembenuka lokha. Kuyambira ali mwana sanalankhulepo mwaukali kwa munthu wa kum'mawa, ndipo sankadziwa kuti amayamba bwanji.

"Nakulakwila, mwana wanga," anatero. "Kuli ine sungaphunzile. Nizakamba na benangu bakutenge chaka chamawa."

Sizimene ndinkafuna. Ndinkafuna iwowo, ndi inki yawo, ndi kudikira kwawo. Mawu abwino amene ananena za manja anga anangowonjezera moto, chifukwa anandionetsa kuti malo aja ndikanatha kuwatenga. Ndinathokoza, ndinatuluka, ndinakakwera basi ya ku Ndola dzuwa lidakali pamutu.

Anasunga lonjezo lawo. Yunivesite inandilembanso chaka china, ndipo Ba Prof anandipereka kwa mphunzitsi wina, bambo wa ku Mongu amene saseka ndi munthu. Iye anandithandiza kupeza funso langa, ndipo ndikugwirabe ntchito ya masamba aja pang'onopang'ono. Mnzanga ali pakati pa udokotala wake. Tinayambanso kulankhulana, amandiuza mmene Ba Prof akumuvutitsira, ine ndimamvetsera n'kumati pepa, koma pansi pa mtima chinthu chija chimatembenukabe.

Sabata yoyamba ya chaka chatsopanocho ndinakumana ndi Ba Prof pakhonde la labu. Ndinali nditakonzeka. Ndinkati ngakhale malo ndinaluza, ngakhale ulangizi unatha, chimbuya sichitha, ndipo ndinali ndi yankho labwino la anyani limene ndinalisunga tchuthi chonse. Ndinachepetsa liwiro kuti iwo ayambe monga mwa kale. Ba Prof anaima, anandiyang'ana mokoma mtima, n'kuweramitsa mutu pang'ono.

"Mwauka bwanji, madam? Nchito iyenda bwino?"

Ndinati ikuyenda bwino. Anati zili bwino, n'kupitirira kulowa mu ofesi yawo, kumene mnzanga anali akuwadikira. Ndisanafike kumapeto kwa khonde ndinamva atayamba kale kumukalipira.